Nyemba za fava pabuledi wowotcha pambaula

Chakudya ichi si chokhuta nacho. Ndi chopatsa alendo kuti azitafuna nsima ili pamoto, kapena chodyera tiyi madzulo kukazizira: kagawo ka buledi kowotcha pamakala, kotikitidwa adyo ndi kuthiridwa mafuta, pamwamba pake nyemba za fava zanthete zophwanya pamodzi ndi mandimu ndi masamba onunkhira a minti. Fava ndi nyemba zikuluzikulu zophwatalala za m'makoko aatali. Kwawo kwa chakudyachi ndi ku Italy, kumene buledi wowotcha chotere amamutcha bruschetta, ndipo fava amazidya mu Epulo ndi Meyi, chisanu chikangotha. Ku Rome, pa 1 Meyi, mabanja amadya nyembazi zosaphika n'komwe, ndi tchizi wa mkaka wa nkhosa wotchedwa pecorino.

Kwathu nyengo yake imagwa mbali ina ya chaka. Fava ndi mbewu ya kozizira, kukatentha kwambiri maluwa ake amayoyoka osabereka. Kuno ku Mzuzu, amene wadzala mu Epulo kapena Meyi, mvula ikamapita kumapeto, n'kumathirira, amathyola pakatha miyezi itatu kapena inayi, ndiye kuti pakati pa Julayi ndi Seputembala, dzuwa la Okutobala lisanafike. Pamsika sizipezeka ngati nyemba zathu za masiku onse, choncho njira yodalirika ndi kudzala mizere iwiri itatu kudimba kapena kuseri kwa nyumba: mbewu imodzi paphando, kuya masentimita 5, mapando otalikirana masentimita 20. Nsabwe zakuda zimakonda kudzazana kunsonga, ndiye maluwa akachuluka tsinani nsongazo n'kutaya kutali. Mukazisowa fava, nsawawa zaziwisi zimalowa m'malo bwino lomwe, ndipo tanena za izo kumapeto.

Musanapatse munthu aliyense

Nkhani iyi isadumphidwe. Pali anthu amene anabadwa ndi magazi operewera enzaimu, kanthu koteteza maselo ofiira a magazi, yotchedwa G6PD, ndipo anthu otere ndi ambiri m'mayiko a malungo, kuphatikizapo kuno kwathu. Vutoli limaonekera kwambiri mwa amuna ndi ana aamuna. Mu fava muli zinthu ziwiri, vicine ndi convicine, zimene zimaswa maselo ofiira a magazi a munthu wotere, ndipo kuphika sikuzichotsa. Zizindikiro zimabwera pakatha maola angapo, mwina tsiku limodzi kapena awiri: mkodzo wofiirira kapena wakuda, maso achikasu, manja otuwa, kufooka, mtima kuthamanga, kupuma mobanika. Mukaona zimenezi, makamaka kwa mwana, pitani kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala zimene wadya. Amene anauzidwapo kuchipatala kuti ali ndi vutoli asalawe n'komwe, chimodzimodzi mayi amene akuyamwitsa mwana wa vutoli. Poti ambiri kuno sanazidyepo, auzeni alendo anu kuti pabulediyo pali fava asanatole, ndipo ana aang'ono muwakonzere ya nsawawa.

Zofunika, za anthu 6

Makoko a fava makilogalamu 1.5. Buledi wosadula mmodzi, wogona, woti mudulepo magawo 12 aang'ono. Mafuta masupuni 5 aakulu. Ndimu limodzi, osawerengera mandimu opangira tchizi wofewa. Adyo mano awiri. Masamba a minti 10 kapena 12. Mchere, ndi tsabola pang'ono kwa okonda. Tchizi wouma woti mupale, magalamu 50, kapena tchizi wofewa wopanga nokha, magalamu 150.

Makilogalamu 1.5 akumveka ochuluka, koma ambiri mwa iwo ndi makoko. Mukasenda mutsala ndi pafupifupi theka la kilogalamu, ndipo mukachotsanso khungu lamkati mutsala ndi magalamu 300 kapena 350. Pagawo lililonse la buledi padzafika supuni imodzi ndi theka yodzaza. Mukachepetsa pogula, mupeza kambale kongokwanira anthu awiri mutagwira ntchito ya ola lathunthu.

Posankha, gwirani khoko. Labwino ndi lobiriwira, lolimba, lotalika masentimita 15 kapena 20, ndipo mukalipinda limathyoka. Lofota, lachikasu kapena lotupa kwambiri pamene pali njere lakhalitsa. Madontho akuda ochepa pakhoko asakudetseni nkhawa, mkati mumakhala muli bwino. Chizindikiro chosanama chili panjere penipeni: pamene inagwirana ndi khoko pamakhala kamzere. Kamzereko kakakhala kobiriwira kapena koyera, nyembayo ndi yanthete. Kakada, yakhwima, ndipo idzakhala yaufa ndi yowawirako. Zoterozo musataye, koma ziikeni pazokha chifukwa zifuna moto wautali. Zikathyoledwa, kutsekemera kwake kumachepa tsiku ndi tsiku, ndiye zikonzeni tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo zisiyeni m'makoko mpaka nthawi yophika.

Za mafuta, a olive ndiwo eni ake a chakudyachi, koma ndi okwera mtengo. Ngati muli nawo ochepa, asungireni kuthira pamapeto, pamene kukoma kwake kumamveka. Mafuta a mpendadzuwa kapena a mtedza amagwira ntchito, bola akhale atsopano. Otsala pokazinga nsomba kapena tchipisi ayi, poti pano mafuta amadyedwa osaphika ndipo fungo lililonse limaonekera.

Kusenda kawiri

Ntchito yaikulu ili apa, ndipo ndi pamene pamasiyana chakudya chokoma ndi chongodyeka. Amene amadziwa kuphika chipere aimva msanga nkhaniyi: khungu likachoka, nyemba imafewa ndi kusalala. Kusiyana kwake n'kwakuti pano nyembazo ndi zaziwisi, sizinyikidwa usiku, ndipo tikufuna zikhalebe zobiriwira.

Kusenda koyamba n'kosavuta. Thyolani kumutu kwa khoko, kokani ulusi wam'mbali, kenako yendetsani chala chachikulu mkati mwa ubweya woyerawo, njere zigwere m'mbale. Pochita zimenezi zisiyanitseni. Zazing'ono, zosaposa chikhadabo cha chala chaching'ono, zikhale pazokha chifukwa khungu lake ndi lofewa, silifuna kuchotsa. Zazikulu pazokhanso.

Tsopano tereka madzi malita 3 m'poto wamkulu, muthiremo masupuni awiri a mchere. Madzi achuluke dala. Mukathira nyemba zozizira m'madzi ochepa, kuwira kumaleka kwa nthawi yaitali, nyemba zimangokhala m'madzi ofunda n'kuyamba kutuwa. Pambaula, pamene moto sungakwezedwe mwamsanga, gawani nyembazo kawiri. Madzi akamawira mwamphamvu thirani, ndipo muyambe kuwerenga nthawi akayambiranso kuwira: zazing'ono mphindi imodzi, zapakati mphindi ziwiri, zazikulu mphindi zitatu. Musavundikire. Mzuzu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250, ndipo madzi kuno amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100 ngati kunyanja yamchere. Choncho nthawi zimene mungaone m'malangizo a kunja muziwonjezerako theka la mphindi kapena mphindi imodzi. Nthawi tatchulazi tawonjezera kale.

Soda kapena chidulo musathire. N'zoona kuti soda amasunga kubiriwira, koma amafewetsa nyemba mpaka kuterera, ndipo amasiya kakomedwe ka sopo kamene mandimu sangabise.

Madzi ozizira akhale okonzeka nyemba zisanalowe m'poto. Zikangotuluka pamoto, zitsanulireni m'sefa n'kuzimiza m'beseni la madzi ozizira nthawi yomweyo. Mukazisiya m'sefa zimapitiriza kupsa ndi kutentha kwake komwe, mtundu n'kuthawa. Ngati muli ndi ayezi, ponyanimo. Ngati mulibe, konzani mabeseni awiri: loyamba limafunda msanga, ndiye pakatha theka la mphindi zisamutsireni m'lachiwiri. Akhale madzi akumwa, owiritsa n'kuzizira kapena othira mankhwala, chifukwa nyemba zambiri sizibwereranso pamoto.

Zikazizira, khungu limakhala lotuwa ndi lamakwinya. Tsinani ndi chikhadabo mbali yotalikirana ndi kamzere kaja, finyani pang'ono mbali inayo, ndipo njere yobiriwira kwambiri imatumphuka, nthawi zambiri itagawika pawiri. Ikaphwanyika m'zala, mwaphika mopitirira. Khungu likakana kung'ambika, zinachepa moto, ndiye zibwezereni m'madzi owira theka la mphindi. Theka la kilogalamu limatenga munthu mmodzi mphindi 20 kapena 30, ndipo ndi ntchito yabwino kugawana anthu awiri atatu pamkeka.

Ena amasiya khunguli pofuna kufulumira. Pa nyemba zazikulu ife sitivomereza. Khungulo ndi lolimba, limawawa, limathina m'kamwa, ndipo mukaphwanya limatsala zidutswazidutswa zotuwa.

Mukamaliza, lawani imodzi yaikulu. Ikhale yofewa koma yomveka pa dzino. Ngati pakati pakadali pouma, ikani zazikuluzo m'kapoto ndi supuni imodzi ya mafuta, masupuni atatu a madzi ndi kamchere, pamoto wochepa mphindi 3 mpaka 5, madzi aphwere. Zakamzere kakuda zija zingafune mphindi 8.

Kuphwanya ndi kukometsera

Gawani nyemba patatu. Magawo awiri aphwanyeni, gawo limodzi likhale lathunthu. Zophwanyazo ndi zimene zimamata pabuledi, zathunthuzo ndi zimene munthu amamva potafuna. Mukasiya zonse zathunthu zimagubuduka buledi akangolumidwa, n'kuthera pansi. Mukaphwanya zonse limangokhala phala.

Kamtondo ka m'khichini ndiye chida chabwino, koma katsukeni bwino ngati mumasinjiramo tsabola kapena mtedza. Foloko ndi mbale yolimba zimagwiranso. Makina opera amasalalitsa mopitirira, ndiye ngati mukugwiritsa ntchito amenewo, ingodinani kawiri katatu basi. Yambani ndi theka la dzino la adyo ndi kamchere kotapa ndi zala zitatu, musinje mpaka zisalale. Adyo wosaphika ndi waukali, ndipo ukali wake umakula akakhalitsa m'chakudya, choncho theka lakwana, winayo apita pabuledi. Thirani nyemba, sinjani mopepuka, kenako masupuni atatu a mafuta, imodziimodzi, mukutakasa. Zikalimba kwambiri, supuni ya madzi akumwa imafewetsa bwino kuposa kuwonjezera mafuta.

Palani khungu lachikasu la theka la ndimu ndi kuthiramo. Palani pamwamba pokha, choyera chamkati chimawawa. Khungu limeneli limapereka fungo popanda kusintha mtundu, ndiye likhoza kulowa msanga. Madzi a ndimu ndi nkhani ina: chowawasa chilichonse chimasandutsa kubiriwira kwa ndiwo kukhala kotuwa. Mukafinyira ndimu ola lathunthu alendo asanafike, mudzawapatsa nyemba zofiirira. Finyani pomwe buledi ali pamoto, supuni imodzi kaye, mulawe, n'kuwonjezera ngati pakufunika. Mandimu athu amasiyana ukali, ena supuni imodzi ndi yokwanira, ena amafuna ziwiri.

Minti nayenso alowe pamapeto. Ng'ambani masamba ndi zala kapena dulani kamodzi ndi mpeni wakuthwa, chifukwa mukawasinja amada. Ngati mulibe minti, masamba a anyezi odula bwinobwino amachita. Wokonda kambuzi adule kachidutswa kakang'ono, achotse njere, poti fava ndi yofatsa ndipo tsabola wambiri amaiphimba. Pomaliza sakanizani zathunthu zija ndi supuni, osazitswanya, n'kulawanso mchere. Ngati pamwamba mudzaika tchizi wouma, chepetsani mchere, iye ali nawo kale wambiri.

Tchizi

Pecorino kapena parmesan, tchizi wina wouma wa ku Italy, akapezeka, palani ndi mpeni timapepala topyapyala. Akasowa, wofewa wopanga nokha amagwirizana ndi fava kwambiri, ndipo mkaka kuno ulipo. Tereka lita imodzi ya mkaka, muzitakasa kuti usapserere pansi. Ukawira, phulani, dikirani mphindi imodzi, thirani masupuni atatu a madzi a mandimu ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, takasani kamodzi kokha n'kusiya mphindi 10. Mudzaona zoyera zitalekana ndi madzi achikasu. Tsanulirani m'kansalu koyera koyala pasefa, zikhe mphindi 20 kapena 30. Mupeza magalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono. Madzi akakhalabe oyera ngati mkaka, mandimu achepa kapena mkaka unazizira, ndiye bwezerani pamoto pang'ono n'kuwonjezera supuni ina. Mkaka wa m'mapaketi wokhalitsa miyezi suundana bwino, umangochita tinthu tating'ono todutsa pansalu. Chambiko chokhetsa pansalu maola angapo pamalo ozizira chimalowanso m'malo, koma poti n'chowawasa kale, chepetsani ndimu m'nyemba.

Buledi

Buledi wodula kale wa m'mapepala ndi wopyapyala ndi wofewa, pamakala amauma n'kuthyoka, nyemba zikakhalapo amanyowa n'kupindika. Gulani wosadula kubekale, wa khungu lolimba ngati alipo, ndipo agone usiku umodzi. Wa lero ali ndi chinyezi chambiri, amaphwanyika podula ndipo amachedwa kufiira. Dulani magawo okhuthala masentimita 1.5 kapena 2. Ngati ndi buledi wamkulu wa makona anayi, dulani magawo 6 n'kuwadulanso pakati, kuti munthu agwire ndi dzanja limodzi n'kumaliza poluma kawiri katatu. Mabanzi otsekemera sagwirizana ndi adyo.

Moto ndiwo umawononga buledi wa anthu ambiri. Dikirani malawi athe, makala afiire n'kuchita kaphulusa koyera pamwamba. Ngati munakoleza ndi palafini kapena majumbo, dikirani kwambiri mpaka fungo lonse lithe, chifukwa buledi amayamwa utsi msanga, ndipo bwino n'kukoleza ndi timitengo kapena zitsononkho. Yalani makala kuti akhale ofanana ponseponse. Waya wowotchera akhale woyera, wopanda mafuta a nyama ya dzulo, ndipo atalikirane ndi makala masentimita 10. Pambaula wamba waya amakhala pafupi kwambiri, ndiye mukwezeni ndi zidutswa za njerwa. Yesani ndi dzanja pamwamba pa waya: mukatha kupirira masekondi 4 kapena 5, moto uli bwino. Mukachotsa pa masekondi awiri, wachuluka, buledi ada kunja mkati ali wozizira. Mukapirira mpaka 10, wachepa, ndipo buledi auma mpaka mkati n'kulimba.

Ikani buledi wouma, wosapaka kanthu. Mafuta akadonthera pamakala amabutsa malawi ndi utsi wowawa. Mbali iliyonse imafuna mphindi imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo musachokepo. Chimene mukufuna ndi kunja kofiira kokhala ndi mizere ya waya, m'mphepete mothimbirira pang'ono, mkati mofewabe. Mphepo yamadzulo ikamawomba, mbali imodzi ya mbaula imatentha kuposa inzake, ndiye sinthanitsani malo.

Akangochoka pamoto, akadali wotentha, tengani dzino la adyo lodula pakati, mutikite pamwamba kawiri kapena katatu, mbali imodzi yokha. Kukhakhala kwa buledi wowotcha kumapala adyoyo, ndipo kutentha kumatulutsa fungo lake. Akazizira sizitheka bwino. Kenako donthezani mafuta otsala aja, theka la supuni yaing'ono pagawo lililonse, ndi timchere. Pomuika pansi musamuunjike, nthunzi yake imamufewetsa. Muyaleni pawaya wina kapena palichero.

Kopanda mbaula, chiwaya cholemera chotentha bwino chimawotcha, mphindi ziwiri mbali iliyonse mukukanikiza pang'ono ndi chipande, kungoti fungo la makala silikhalapo.

Kuika pamodzi

Dongosolo la nthawi likhale lotere: tchizi ndi kusenda zithe masana, kuphwanya kuchitike makala akukolera, ndimu ndi minti zilowe buledi ali pawaya, kuika pamwamba kuchitike anthu atakhala kale pansi. Ngati muli ndi tchizi wofewa, pakani iye poyamba, supuni imodzi, chifukwa amatchinga chinyezi cha nyemba kuti chisalowe m'buledi. Kenako nyemba supuni imodzi ndi theka, mukanikize pang'ono ndi kumbuyo kwa supuni kuti zigwire, osafikitsa m'mphepete penipeni. Tchizi wouma amakhala pamwamba. Kadontho ka mafuta, katsamba ka minti, basi. Nyembazo zisakhale zochokera m'firiji mwachindunji, kuzizira kumabisa kukoma, ndiye zitulutseni theka la ola nthawi isanakwane. Zikaikidwa, zidyedwe m'mphindi 10. Ngati alendo akubwera apa ndi apo, ikani nyemba m'mbale pakati, buledi pambali, aliyense azidziikira.

Fava zikasowa

Nsawawa zaziwisi ndizo zoyandikira kwambiri, ndipo sizifuna kusenda kawiri. Kilogalamu imodzi ya makoko imapereka pafupifupi magalamu 400. Wiritsani mphindi 3, zizizitseni m'madzi chimodzimodzi, zina zonse n'zofanana. Poti zimatsekemera kuposa fava, zimafuna ndimu wochulukirapo ndi mchere pang'ono. Nandolo wamuwisi amathekanso, koma aphikidwe mphindi 15 kapena 20 mpaka afewe, ndipo mtundu wake sukhala wowala.

Kabaifa ndi nyemba zathu zaziwisi zosenda zisamalidwe mosiyana. Zimenezi sizidyedwa zongoviika m'madzi owira mphindi ziwiri, chifukwa zosapsa zili ndi poizoni wachilengedwe amene amadwalitsa. Ziwire mwamphamvu, poto wosavundikira, mphindi 20 kapena 30 mpaka zifewe mkati monse, ndipo madzi ake mutaye. Zikatero ziphwanyeni monga tafotokozera. Fava zouma ndi zam'chitini ndi za zakudya zina, monga ful medames wa ku Egypt, pano zimatuluka zofiirira ndi zolemera.

Zotsala zisungidwe zosaika pabuledi. M'firiji, m'kabotolo kotseka, mutathira timafuta pamwamba kuti mpweya usazidetse, zimakhala tsiku limodzi kapena awiri. Kopanda firiji, kapena magetsi akazima nthawi yaitali, zidyedwe pasanathe maola awiri, makamaka ngati muli tchizi wofewa. Ngati mukudziwa kale kuti zitsala, patulani zosungazo musanathire ndimu ndi minti, mudzathire mawa pozidya.